Khisimisi ya AI: mwatchipitsa pomwe simumayenera kutchipitsa

Kuyambira 2024, Khisimisi ikamayandikira pa intaneti pamabuka mkangano womwewomwewo, ndipo anauyambitsa ndi a Coca-Cola. Kampaniyi ili ndi advert yake yakalekale ya 1995, ija ya mathiraki ofiira odzadza magetsi akudutsa m'chipale chofewa usiku anthu akutuluka m'nyumba kudzaonerera, moti kwa azungu ambiri ikangooneka pa TV ndekuti Khisimisi yayamba basi. Mu Novembala 2024 anaipanganso koma ulendo uno ndi AI, mapulogalamu a kompyuta aja opanga okha zithunzi, makanema ndi mawu, popanda kamera, popanda thiraki yeniyeni, popanda olo munthu mmodzi weniweni woima m'mbali mwa msewu. Anthu anawanyoza kwabasi. Mu 2025 anabwerezanso opanda mantha, anangochepetsa nkhope za anthu nkudzazamo zinyama poti nkhopezo ndi zomwe zinkaoneka zachilendo chaka chinacho, koma a maso akuthwa anayamba kuwerenga mateyala, thiraki yomweyomweyo apa ili ndi mateyala mwakuti, ikakhota pakona achuluka. Mu Disembala chaka chomwecho McDonald's ya ku Netherlands nayo inatulutsa yake ya AI yonena kuti Khisimisi ndi nyengo yotopetsa bola mukabisale mu lesitilanti yawo mpaka Januwale, ndipo anthu atalusa anayamba atseka ma comment, patangopita masiku ochepa anaichotseratu.

Mbali yanga ndiineneretu pompano kuti tisavutane kutsogoloku. Anthu okwiyawa akunena zoona, koma chifukwa chomwe ambiri akupereka nchofooka. Akuti nzonyasa, akuti mateyala sakugwirizana, akuti maso a anthuwo ali ngati a zidole. Zimenezo zitha posachedwapa, makinawa akuphunzira msanga ndipo tsiku likubwera loti simudzatha kusiyanitsa. Vuto lenileni ndi lakuti Khisimisi ndi nyengo yomwe zimene chinthu chakutengera ndiwo uthenga wake. Mukapita kumudzi pa 25 Disembala agogo nkukupherani nkhuku, simuthokoza chifukwa choti ndiyokoma kuposa ya mufiriji ya m'tauni, mumathokoza chifukwa mukudziwa kuti pakhomopo nkhuku zinalipo zowerengeka ndipo imodzi yapita chifukwa cha inu. Pomwe AI ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa mtengo umenewo, kuti chinthu chituluke popanda munthu kutayapo nthawi, ndalama kapena tulo. Pa ntchito zambiri za moyo zimenezo nzabwino zedi ndipo nane ndimaigwiritsa ntchito. Koma pa moni, pa mphatso, pa mawu ouza munthu kuti ndimakukumbukira, ukachotsa mtengo wachotsanso chinthucho. Nde ine ndikuti AI itithandize kuwerengetsa ndalama ndi kufunsa mitengo, koma isatilankhulire, ndipo makampani ogulitsa chikondi cha Khisimisi chopangidwa motchipa akuyenera kumanyozedwa ndithu.

Otsutsa oyamba ali ndi mfundo yamphamvu ndipo sindiipeputsa. Iwo amati, mukulira chani, advert ya Coca-Cola sinakhalepo yoona chiyambire. Ndi malonda a zakumwa basi, chipale chofewacho nthawi zambiri chimakhala chopanga, anthu akumwetulirawo ndi olipidwa, ngakhale Father Christmas wonenepa wa jekete lofiira yemwe timamudziwayu anatchuka kwambiri kudzera mu zithunzi za malonda za kampani yomweyi kuyambira 1931. Nde ngati bodza linali bodza kale, kusintha wopanga bodzalo kukusintha chani? Yankho langa ndi lakuti tayang'anani bwino mbiri yomwe mwatchulayo. Zithunzi za 1931 zija anajambula ndi munthu, Haddon Sundblom, ndipo nkhope yomwe ankaonera pojambula inali ya mnzake weniweni, Lou Prentiss, bambo wina yemwe anali atapuma pa ntchito yogulitsa malonda. Ndekuti ngakhale mkati mwa bodza la malondalo munali munthu amene anakhala pansi nkuganiza kuti nkhope ya chifundo imaoneka bwanji, nkupeza yankho pa nkhope ya mnzake. Sewero la Khisimisi la ana a Sande sukulu nalonso si loona, tonse timadziwa kuti Yosefe uja ndi mwana wa a neba ndipo ndevu zake ndi thonje, koma timakhala pansi nkuonera mpaka kumapeto chifukwa anawo ayeserera masabata angapo ndipo amayi ena anasoka zovalazo usiku. Kupeka nkhani si vuto. Chomwe chasintha ndi chakuti kampani yomwe imapanga phindu la mabiliyoni a madola yaona kuti pa zinthu zonse zomwe ingasungirepo ndalama, isungire pa anthu omwe amapanga chinthu chokhacho chomwe imati ndi mphatso yake kwa dziko pa Khisimisi. Ndipo sanabise, akuluakulu awo ananena okha kuti njira yatsopanoyi ndiyotchipa komanso yachangu, ntchito yomwe inkatenga pafupifupi chaka inatheka mwezi umodzi.

Mfundo yachiwiri imatsatira pomwepo, ndipo imati olongololawo ndi kagulu kochepa ka ojambula ndi opanga makanema omwe akuopa kutha ntchito, munthu wamba alibe nazo kanthu. Apanso pali choonadi. Kampani ya System1, yomwe ntchito yake ndi kuonetsa anthu wamba ma advert nkuyesa momwe awamvera, inapeza kuti ya Coca-Cola ija anthu anaikonda ndithu. Sindikukana. Koma tiyeni tifunse kuti anakonda chani kwenikweni. Anakonda mathiraki ofiira ndi kanyimbo komwe akhala akukamva kuyambira ali ana, ndekuti AI ija inakolola m'munda womwe analima ndi anthu mu 1995. Funso lovuta ndi lakuti zaka 30 zikubwerazi padzakhala chani chatsopano choti chidzakumbukiridwe, ngati aliyense angomauza makina kuti abwereze zomwe zinagwira ntchito kale. Komanso kunena kuti odandaula ndi okhawo omwe akutha ntchito si kuyankha dandaulo lawo ayi, munthu yemwe nyumba yake ikupsa ndiye amayamba kukuwa, sizitanthauza kuti moto kulibe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kuno kwathu Disembala ndi mwezi womwe ojambula zithunzi, opanga ma poster a ma show, oimba tinyimbo ta malonda pa wailesi ndi owerenga mauthenga a malonda amapezako kangachepe kolipirira fizi ya Januwale.

Koma chomwe chinandiseketsa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi momwe opanga ma advert a AI amadzitetezera akapanikizidwa. Omwe anapanga ya McDonald's ija anatulukira poyera nkunena kuti anthu asaganize kuti zinali zophweka, gulu lawo linagwira ntchito masabata 7 osagona mokwanira. A Coca-Cola nawo anaonetsa kuti akatswiri awo anatulutsa tizidutswa ta kanema topitirira 70,000 kuti asankhemo tochepa togwiritsa ntchito. Taonani bwino zomwe zikuchitika apa. Anthu omwe amatiuza kuti thukuta la munthu lilibe kanthu bola chotulukacho chikhale chokongola, akangopanikizidwa amathamangira kukationetsa thukuta lawo. Ndekuti nawonso pansi pa mtima akudziwa kuti chomwe anthu amalemekeza ndi chimenecho. Ndipo mu Disembala 2025 momwemo sitolo ya ku France ya Intermarché inatulutsa kakatuni ka Khisimisi ka chilombo cholusa cha m'nkhalango chomwe nyama zina zonse zinkachithawa mpaka chinaphunzira kuphika zamasamba kuti chilandiridwe pa chakudya, kojambulidwa ndi anthu a situdiyo ya Illogic ku Montpellier popanda AI, ndipo kanafalikira dziko lonse anthu akutumizirana okha osalipidwa, ambiri osadziwa nkomwe kuti Intermarché ili kuti. Munthu wamba yemwe akuti alibe nazo kanthu uja ndi yemweyo amene ankatumiza.

Mfundo yachitatu ndi yomwe ndimagwirizana nayo kwambiri, moti pafupifupi ndiivomereza yonse. Imati, inu mukuyang'ana makampani a mabiliyoni, koma taganizirani mayi wogulitsa makeke ku Ndirande kapena mnyamata wosoka zovala ku Mchesi, yemwe sangakwanitse kulipira wojambula, AI yamupatsa mwayi wopanga poster yooneka bwino ya Khisimisi pa foni yake mu mphindi zochepa nkuika pa status. Eya, zoona, ndipo amene angamuletse mayi ameneyu ndi wankhanza. Iye sakuchotsa munthu ntchito poti analibe woti amulembe, ndipo sakutigulitsa chikondi, akutigulitsa keke. Komabe pali malire amodzi omwe ambiri ayamba kale kuwadumpha. Zilembo, mitundu, timaluwa ta m'mbali, mawu okopa, zonsezo apange ndi AI palibe vuto, koma chithunzi cha kekeyo chikhale cha keke yomwe manja ake amatha kuphika. Mwaonapo ma poster aja keke yake ya nsanjika zinayi yonyezimira ngati ya pa ukwati wa mfumu, kapena diresi yomwe telala aliyense wa pa dziko lino sangaisoke poti ilibe msoko olo umodzi. Kasitomala alipira dipoziti poona chithunzicho, pa 24 madzulo alandira china, ndipo mkangano wake umathera pa Facebook mayina nkutchulana. Izi sizikuchitikira osauka okha. Mu Novembala 2025 alendo odzaona malo anapita ku Buckingham Palace ku London kukafuna msika wa Khisimisi womwe anauona pa zithunzi zokongola pa intaneti, tinyumba ta matabwa ndi magetsi paliponse, atafika anapeza mageti ndi msewu basi, msikawo kunalibe, zithunzizo zinali za AI. Ngati anthu angakwere sitima kupita ku nyumba ya mfumu chifukwa cha chithunzi chabodza, kuli bwanji dipoziti ya keke.

Tsopano tifike pomwe nkhaniyi ikutikhudza tonse, pa mauthenga. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa anali m'gulu la maiko oyambirira kunja kwa America kulandira Meta AI, AI ya kampani ya Meta yomwe ndi eni Facebook ndi WhatsApp, mu Epulo 2024, nde kachizindikiro kake kaja kali pa WhatsApp pathu pomwe, sukufunika kudawuniloda china chilichonse. Otsutsa amati, musanamizire AI, mauthenga a Khisimisi anafa kalekale. Ndipo akunena zoona kumbali ina. Tsegulani gulupu ya banja lililonse pa 25 m'mawa muone. Amalume atumiza chithunzi cha kandulo ndi mabelu chomwe chazungulira mafoni ambirimbiri mpaka chafufuma, azakhali ayankha ndi china cha Father Christmas akuvina, msuweni wina waponya ndime yachingerezi yomwe anailandira kwa mnzake wa kuntchito osachotsa olo dzina la kampani pansipo, ndipo enafe tikungoika timanja topemphera pa chilichonse osawerenga poti bandulo ikutha. Nde akuti AI ikuwonjezera chani pa zoipa zomwe zilipo kale, mwinanso ikukonza, poti tsopano munthu atha kuiuza kuti ndilembere uthenga wopita kwa mayi anga nkutuluka chinthu cha iwo okha, osati cha gulu.

Apa ndiye pomwe ndikutsutsa kwambiri, chifukwa ndikuona kuti uthenga wa AI ndi woipa kuposa wa forward, ndipo chifukwa chake nchosavuta. Wa forward sunama. Pamwamba pake pamalembedwa kuti watumizidwa kuchokera kwina, tonse timadziwa kuti amalume angodina batani, timaulandira pa mtengo wake, ndi moni wa panjira basi. Koma uthenga wa AI umabwera utavala ngati kuti munthu anakhala pansi nkukuganizirani. Uli ndi dzina lanu, ukunena kuti mwakhala mzati wa banja lathu chaka chonsechi, ukuti chikondi chanu ndi kuwala, ndime zitatu zosalala popanda cholakwika. Wolandira akaukhulupirira ndekuti wanamizidwa, akauzindikira ndekuti wanyozedwa, ndipo anthu ayamba kuzindikira, mwana yemwe chaka chonse amalemba kuti "bho mamie" sangadzuke pa Khisimisi nkulemba ngati bishopu. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo makinawa ndi kandimverere weniweni, sadziwa kuti mayi anuwo chaka chino anagonekedwa m'chipatala mu Ogasiti, sadziwa kuti munakangana pa nkhani ya munda ndipo simunapepesanebe, sadziwa dzina lomwe ankakutchulani muli mwana. Wina anena kuti nde uwauze zonsezo makinawo alembe bwino. Chabwino, koma ngati wakhala pansi nkukumbukira zonsezo nkuzilemba, uthengawo walemba kale, ungotumiza zomwezo kwa mwini wake m'malo mozipititsa kaye kokazisita.

Ndiyeno pali omwe amati si aliyense amatha kulemba, ena mawu amawathawa, ena sukulu sanapite nayo patali ndipo amachita manyazi ndi kalembedwe kawo, AI ikuwapatsa mawu. Ndikumva, ndipo chifundo chomwe chili m'mfundo imeneyi ndi chenicheni. Kungoti ife vuto limeneli tinalithetsa kale ndi voice note. Mnyamata yemwe ali ku Joni amene chaka chino walephera kukwera basi yobwera kumudzi poti mapepala sali bwino kapena ndalama yavuta, akajambula mawu a mphindi ziwiri ali pa chipinda chake, akuzengereza, akubwereza kuti "amayi musadandaule ndili bwinobwino, kandalama ndatumiza pa Mukuru kachepa koma mugule mpunga ndi Fanta ya ana", kumbuyo kukumveka phokoso la anzake ogona nawo, amayi amenewo amaumvera uthengawo kangapo nkukamvetsanso a neba. Palibe ndime ya AI yomwe ingafike pamenepo, ndipo mnyamatayo sanafunikire sipelo olo imodzi. Komanso tisaiwale kuti makinawa amaganiza Khisimisi ya kwa eni ake. Mukawauza kuti akujambulireni khadi ya Khisimisi osawalongosolera zambiri, akupatsani chipale chofewa, moto wa m'nyumba ndi anthu ovala majuzi, pomwe kuno Disembala ndi mvula ndi matope, chimanga chili m'mawondo, anthu akusaka feteleza wobereketsa, ana akuyenda ndi mango m'manja atavala zatsopano za pa kaunjika zomwe akhala akuziyang'anira mu chikwama sabata yonse. Chichewa chawonso nthawi zambiri chimamveka kuti chadutsira ku Chingerezi. Tinali kale ndi vuto lotumizirana Khisimisi ya anthu ena, AI yangolikulitsa nkulipaka polishi.

Pali chinanso chomwe sitikuchiganizira. Disembala ndi mwezi womwe ndalama zimayenda kwambiri pakati pa abale, ndipo akuba amadziwa zimenezo kuposa ife. Meseji ija yoti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" tonse tinaizolowera, timaizindikira chifukwa sikumveka ngati m'bale wathu. Chitetezo chathu chachikulu pa Airtel Money ndi Mpamba si PIN yokha, ndi choti timadziwa momwe anthu athu amalankhulira. Ku America bungwe la boma loteteza ogula la FTC linachenjeza kale mu 2023 kuti akuba akutenga kachidutswa ka mawu a munthu pa intaneti nkupanga mawu ofanana nawo ndi AI, kenako nkuimbira makolo kapena agogo ake ngati kuti mwanayo ali pa mavuto akufunika ndalama msanga. Nde taganizani banja lomwe lazolowera kuti mauthenga a abale amabwera osalala, opanda kalankhulidwe ka munthu, aliyense akumveka chimodzimodzi. Banja limenelo lataya khutu lomwe likanaligwiritsa ntchito tsiku lomwe uthenga wabodza wafika. Sindikunena kuti mukatumiza moni wa AI ndekuti mawa mwaberedwa, ndikungoti kalembedwe kokhotakhota ka mchimwene wanu kali ndi ntchito yake.

Mfundo ina yomwe imamveka yanzeru ndi ya kugula zinthu. Akuti AI ikuthandiza anthu kupeza mitengo yabwino, kusankha mphatso, kusaononga ndalama. Ku America izi zakula zedi, a Adobe omwe amawerengera malonda a pa intaneti anati mu Novembala ndi Disembala 2024 anthu ofika m'masitolo a pa intaneti kudzera mu ma chatbot, mapulogalamu a AI ocheza nawo aja, anachuluka ndi 1,300 peresenti poyerekeza ndi chaka chinacho, sitolo ya pa intaneti ya Amazon mu 2024 inabweretsa wothandiza wake wa AI wotchedwa Rufus, ndipo mu Seputembala 2025 ChatGPT inayamba kulola anthu a kumeneko kugula katundu mkati mwa macheza momwemo. Pa bajeti ndilibe nazo vuto ngakhale pang'ono. Kuiuza kuti ndili ndi ndalama mwakuti, fizi ya Januwale ndi mwakuti, lendi mwakuti, ndigawe bwanji kuti Nyuwere isandipeze ndili kwa katapila, imeneyo ndi ntchito yabwino ndipo ikanachitika kwambiri bwenzi Januwale sakutchedwa mwezi wautali. Koma funsani kuti mlangizi ameneyu amamulipira ndani. Rufus ndi wa Amazon, sangakuuzeni kuti chaka chino musagule kanthu. Meta inalengeza kuti kuyambira pa 16 Disembala 2025, m'maiko ambiri zomwe mumacheza ndi Meta AI zizigwiritsidwa ntchito posankha malonda omwe muziona pa Facebook ndi Instagram, ndipo za pa WhatsApp zimalowamo ngati munalumikiza ma akaunti anu. Ndekuti ukamafunsa kuti mkazi wanga ndimugulire chani, sukulankhula ndi mnzako wa pa mtima, ukuuza wogulitsa pomwe pali pofewa. Ndipo mphatso yosankhidwa ndi makina ili ndi vuto lomwelija la uthenga. Chitenje chomwe mwamuna anaona mkazi wake akuchiyang'ana kawiri pa msika mu Okutobala nkuchikumbukira mu Disembala chimanena kuti ndimakuona. Mndandanda wa mphatso khumi zoyenera amayi a zaka 40 sunena kanthu.

Za zidole za ana ndingodutsapo mwachidule poti apa palibe mkangano weniweni. Mu Novembala 2025 bungwe la ku America la PIRG linayesa zidole zolankhula za AI nkupeza kuti kachimbalangondo kotchedwa Kumma ka kampani ya FoloToy kankatha kuuza mwana komwe mipeni imakhala m'nyumba, momwe angayatsire machesi, mpaka kulowa nkhani za kuchipinda, moti kampaniyo inayamba yasiya kukagulitsa kwa kanthawi. Achibale athu a ku UK ndi ku Joni omwe mumatumiza mphatso za ana kumudzi, mpira ndi njinga sizinalakwepo.

Otsutsa omaliza ndi aja otopa, omwe amati zonsezi nzoona koma sungaletse, dziko likupita kumeneko, ulira mpaka liti. Awa ndi omwe sindigwirizana nawo olo pang'ono, chifukwa umboni uli pa nkhani yomwe tayamba nayo. McDonald's sinachotse advert yake chifukwa cha lamulo, inachotsa chifukwa anthu wamba anakana mokweza ndipo kampani inawerengetsa nkuona kuti manyaziwo akudula kuposa ndalama yomwe inasunga. Makampani sagwiritsa ntchito AI chifukwa choikonda, amaigwiritsa ntchito chifukwa ndi yotchipa, nde tsiku lomwe kunyozedwa kwapangitsa kuti ikhale yodula amabwerera okha kwa anthu. Malamulo nawo akubwera, lamulo la AI la European Union la 2024 lili ndi ndime yoti zithunzi ndi makanema opangidwa ndi makina omwe angapusitse anthu azilembedwa kuti ndi a makina, ndipo New York mu Disembala 2025 inasaina lamulo loti advert yomwe ili ndi anthu opangidwa ndi AI izinena poyera. Ngakhale a Coca-Cola pa advert ya 2024 ija anaikapo timawu tating'onoting'ono pakona tonena kuti yapangidwa ndi AI. Chomwe ndikupempha kwa mabanki, makampani a mafoni ndi masitolo a kuno omwe ma poster awo a Khisimisi ayamba kudzadza mabanja omwetulira a khungu losalala ngati pulasitiki ndi chomwecho, ngati banja lili pa chikwangwanilo kulibe, lembani pansipo kuti kulibe, ndi zilembo zoti munthu ali mu minibasi atha kuwerenga. Mukaona kuti kulemba zimenezo kukuchititsani manyazi pamaso pa makasitomala anu, ojambula zithunzi alipo ambiri ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo Disembala amakhala akudikira foni.